Sipuleyi ya pepo ija pa anapiye ojomphana: ndimaigula, koma si mankhwala a kujomphana

Amene mwalerapo anapiye kuyambira tsiku loyamba mukuidziwa sipuleyi imeneyi, ngakhale mwina simunaigulepo. Imabwera m'chitini chachitali chopopera, ndipo pomwe wapopera pamatsala utoto wa pepo, nthawi zina wa buluu, wosachoka msanga. M'mashopu a mankhwala a ziweto ku Limbe siisowa, imakhala pashelefu moyandikana ndi mankhwala a nkhupakupa ndi a njoka za m'mimba. Makampani opanga ndi angapo ndipo zitini zimasiyana maonekedwe, koma mukawerenga kuseri, zambiri mwa zomwe ndagulapo muli zinthu ziwiri: utoto wopha tizilombo, nthawi zambiri gentian violet, GV yemwe uja ankatipaka kuchipatala tili ana, ndi mankhwala a oxytetracycline. Pachitinipo amajambulapo ng'ombe, mbuzi, nkhosa, pena galu. Nkhuku sindinaionepo pamenepo, koma ife a nkhuku timaigula ndithu.

Ine ndimaweta kuseri kwa nyumba ku Machinjiri, mabuloila nthawi zambiri, ndi za Mikolongwe zochepa za mazira apakhomo. Sipuleyiyi ndi yofunika kukhala nayo pafupi ndi buluda, kabwalo kofunda kolereramo anapiye, ndipo yandipulumutsira anapiye ambiri amene ndikanawakwirira kudzala. Koma ogulitsa amaitchula kuti "mankhwala a kujomphana", ndipo pamenepo ndi pomwe ndimasiyana nawo. Imathandiza mwanapiye wojomphedwa. Ojomphawo siiwakhudza n'komwe.

M'khola mwanga kujomphana kumabwera pawiri. Sabata yoyamba amalimbana ndi zala. Kamwanapiye kamaona chala cha mnzake chikunyezimira pansi pa babu, kamayesa ndi chakudya, n'kukoka. Akakoka awiri atatu khungu la pachala limang'ambika, kadontho ka magazi n'kutuluka. Kwinako ndi sabata yachitatu kapena yachinayi, pamene ubweya uja ukuchoka ndipo nthenga zenizeni zikuphuka. Nthenga yatsopano imayamba ili kamsonga kolimba, ndipo mkati mwake mumakhala magazi mpaka itakhwima. Timisongati timaonekera kwambiri pamwamba pa mchira ndi m'mapiko. Mmodzi akazula kamodzi magazi amatuluka, ndipo nkhuku ikaona chofiira siigwira mtima.

Imani pambali tsiku lina muone momwe zimachitikira. Wovulalayo amathawira pakona, amalowetsa mutu pakati pa anzake, koma kumbuyo kwake kwatsala poyera, ndipo aliyense wodutsa amajomphapo kamodzi. Si ndewu ayi. Palibe phokoso, palibe kuthamangitsana, ena akungodya monga mwa masiku onse. N'chifukwa chake munthu umatha kusuzumira pakhomo la khola, n'kuona ngati zonse zili bwino. Mukachoka m'mawa kupita kumsika kabala kali ngati njere ya mapira, masana mupeza msana wonse wasupuka. Akafika potulukira chitosi amakoka mpaka matumbo, ndipo apo palibenso chitini chomwe chingathandize. Mwanapiye wotere ndi bwino kungomupha kusiyana ndi kumusiya azizunzika usiku wonse.

Ndikamupeza wovulala, choyamba ndimamuchotsa. Ndili ndi katoni yaing'ono yothira utuchi yomwe ndimaika m'mbali mwa buluda pomwe kutentha kumafika, ndipo pamwamba ndimavindikira ndi kawaya kuti azimva ndi kuona anzake. Mwanapiye womuika yekhayekha kutali amalira osaleka, ndipo sadya. Balalo ndimatsuka ndi madzi owiritsa, ofunda, othira mchere pang'ono, magalamu 9 pa lita imodzi, kutanthauza sipuni ya tiyi imodzi ndi theka. Magazi akamatulukabe ndimakanikiza ndi thonje mpaka aleke. Kanthenga kothyokera pakati kamapitiriza kuchucha, choncho ndimakagwira patsinde n'kukazula konse, kenako n'kukanikizanso. Ndikaumitsa bwino, ndiye nthawi ya sipuleyi.

Apa ndi pomwe chitinichi chimaonetsa kuti anapangira ng'ombe. Chimapopera mwamphamvu, ndi mkokomo wake, ndipo mankhwalawo amatuluka ozizira zedi. Buloila wa sabata imodzi salemera kupitirira magalamu 200 kawirikawiri, wa Mikolongwe ndiye wamng'ono kwambiri. Kanthu kotere mukakapopera mwachindunji kamanyowa theka la thupi, kamayamba kunjenjemera, ndipo nthunziyo imalowa m'maso ndi m'mphuno. Ine ndimapopera m'kachivindikiro ka botolo, ndimaviika kathonje kokulunga ku kamtengo ka machesi, n'kupaka pabala penipeni ndi m'mbali mwake pang'ono. Mwanapiye amalira chifukwa zimabaya, koma n'zakanthawi. Ndimamugwira m'manja mpaka pouma, apo ayi amadzipukuta ndi mlomo n'kumeza. Ndipo chonde, chitini ichi chisayandikire mbaula kapena kandulo. Mpweya wam'katimo umayaka. Tuluka nacho panja, popera m'kachivindikiro, bwerera.

Zotsatira zake zimakondweretsa. Pofika mawa lake bala lija limakhala louma, lachita nkhanambo yakuda, silinunkha, silitupa. Chofiira chija chabisika. Pa anapiye a Mikolongwe, omwe ndi mtundu wakuda uja wa Black Australorp, utoto suoneka n'komwe pamsana, ndipo anzake samutsatanso. Pa mabuloila oyera nkhani ndi ina, ndipo izi palibe wogulitsa amene anandiuzapo. Banga la pepo pa mwanapiye woyera ndi chinthu chachilendo m'buluda, ndipo anapiye sasiya chachilendo osachilawa. Sachita ukali ngati pa magazi, koma amabwera ndithu, ndipo nkhanambo ikadali yofewa amaichotsa, magazi n'kuyambiranso. Ndiye amene amati pakani n'kumubwezera pomwepo, ine ndimakana. Akhale m'katoni mpaka nkhanambo italimba ndipo akudya ndi kuthamanga bwino. Ndimamubwezera madzulo, kuwala kutachepa, kuti kukacha adzuke ali kale pakati pa anzake. Asakhalitsenso kwambiri payekha, chifukwa akapita masiku ambiri anzake amamulandira ngati mlendo.

Zodandaula zing'onozing'ono zilipo. Utotowu suchoka ndi sopo. Mukapaka Loweruka, Lamulungu mupereka moni kutchalitchi ndi zala za pepo, ndipo amayi a mvano adzafunsa. Sipiriti amachotsako pang'ono, koma chitenje chikadonthedwa chapita. Ine ndimavala kajumbo ka shuga kudzanja. Kabowo kopoperako kamatsekeka mukasiya chitini miyezi ingapo. Mukamaliza, chitembenuzeni chadodolido n'kupopera kamodzi kuti kabowoko kayere. Zitini zina mpweya umatha mankhwala akadali mkati, ukagwedeza ukumva akukhuvuka koma satuluka, ndipo zimapweteka mtima ukaganiza mtengo wake, womwe ukukwera ulendo uliwonse ndikapita. Komabe popaka ndi thonje chitini chimodzi chimatha chaka ndi kupitirira kwa munthu wa anapiye 50 kapena 100. Chimene chimakutherani ndi deti, osati mankhwala.

Shopu yomwe ndimagulako kawirikawiri ili ku Limbe, ndipo ndiyiyamikire pa ichi: katemera amasunga mufiriji, amakuikira m'kajumbo ka ayisi, ndipo magetsi akazima amayatsa jenereta. Koma thandizo lomwe mulandire limatengera amene mwamupeza pakauntala. Tsiku lina ndinapeza mnyamata, ndipo kutsogolo kwanga kunali bambo wina wodandaula kuti anapiye ake akudyana. Mnyamatayo sanafunse kanthu. Anangotsitsa chitini.

"Bambo, ingopoperani onse kumbuyoku, asiya. Mutengenso mavitamini awa ndi ufa uwu wothira m'madzi."

Ufawo unali antibayotiki. Kwa anapiye osadwala, amene vuto lawo mwina ndi kupanikizana basi. Bamboyo analipira zonse zitatu n'kumapita. Ine zinandiwawa, chifukwa ndalama imeneyo ikanagula hadibodi ina yokulitsira buluda ndi chodyera chachiwiri, n'kutsalanso chenji ya minibasi.

Mayi wachikulire amene amakhalapo masiku ena ndi wosiyana. Munthu asanatchule n'komwe chomwe akufuna, iwo amayamba: "Ali ndi masabata angati, amayi? Alipo angati? Usiku amagona bwanji, mounjikana kapena momwazikana? Mukuwapatsa chani?" Mafunso anayi amenewo ndi amene amathetsa kujomphana. Mukafika pashopu iliyonse ndipo wogulitsa sakukufunsani zimenezi, dzifunseni nokha musanatulutse ndalama.

Funso la kagonedwe ndi la kutentha. Sabata yoyamba anapiye amafuna madigiri 32 mpaka 35 pamtunda pa utuchi, kenako mumachepetsa madigiri pafupifupi 3 sabata iliyonse mpaka atamera nthenga. Ambiri tinaphunzira kuopa kuzizira, ndipo m'June ndi July, chiperoni chikakuta Blantyre, mantha amenewo ndi oyenera. Koma mu October, pansi pa malata, masana khola limafika lokha pa kutentha kumene anapiye a masabata atatu sakufuna n'komwe. Wina n'kumayatsabe mbaula ndi kutseka mazenera ndi masaka, poti anamva kuti anapiye amafa ndi mphepo. Mwanapiye wotenthedwa amakwiya msanga, ndipo nyengo imeneyi ndi yomwe chitini changa chimagwira ntchito kwambiri. Simufunika chida choyezera kuti mudziwe. Akaunjikana pansi pa babu akulira, azizidwa. Akathawira kumakoma, atayasama, mapiko atatambasula, atenthedwa. Akamwazikana paliponse, ena akudya ena akugona, zili bwino.

Malo nawo amathina mosadziwika. Buloila amalemera kanayi kapena kuposa pa sabata yoyamba yokha, ndiye bwalo la hadibodi limene linkaoneka lalikulu tsiku lobwera nawo limadzaza musanazindikire. Muyezo womwe ndimatsata ndi anapiye osapitirira 20 pa malo a mita imodzi m'litali ndi m'lifupi mpaka masabata anayi, kenako theka la chiwerengero chimenecho. Ndimakulitsa bwalolo masiku angapo aliwonse osadikira kuti avute. Zodyera ndi zomwera zikhale zokwanira kuti ofooka asamadikire amphamvu akhute. Ndipo osasakaniza misinkhu. Anapiye obwera lero kuwaphatikiza ndi a masabata awiri n'kuwapereka kwa adani.

Za chakudya ndiyankhule mosabisa, chifukwa tonse tikudziwa zomwe zikuchitika. Thumba la sitata, chakudya choyambira cha anapiye, lakwera mtengo, ndipo anthu akusakaniza ndi madeya kuti lichuluke. Sitata ya mabuloila imakhala ndi mapuloteni pakati pa 21 ndi 23 peresenti, ya anapiye a mazira pakati pa 18 ndi 20. Madeya ali ndi pafupifupi theka la zimenezo. Nthenga ndi mapuloteni okhaokha, ndipo pomera nthenga thupi limafuna kwambiri kachakudya kotchedwa methionine, komwe m'chimanga ndi kochepa. Mwanapiye akakasowa amakafuna pamsana pa mnzake. Chizindikiro chake n'chosavuta: yang'anani pa utuchi. Anapiye a masabata anayi amayoyola tinthenga, ndipo mukapeza pansi palibe ngakhale kamodzi, ndiye kuti akutidya. Mchere ukachepa m'chakudya chosakaniza nokha zimachitikanso chimodzimodzi, ngakhale pamenepo samalani, mchere wambiri umapha anapiye. Ngati ndalama yavuta, ndi bwino kugula anapiye ochepa n'kuwapatsa sitata yeniyeni masabata oyambawo. Madeya adikire.

Chinthu chotsika mtengo chomwe chimandithandiza kuposa chitini ndi masamba. Kuyambira sabata yachiwiri ndimamanga mtolo wa bonongwe, chisoso kapena masamba akunja a kabichi, n'kuupachika ndi chingwe pamsinkhu woti azidumphira pang'ono. Milomo imapeza ntchito. Ndimaikanso kambale ka mchenga woyera wa kumtsinje kuti chigayo cham'mimba chipeze zopera. Usiku ndimaunikanso m'ming'alu ya matabwa ndi pansi pa mapiko, chifukwa utitiri ndi nsabwe zikamuyabwa mwanapiye amadzijompha yekha mpaka magazi, anzake n'kudzamalizitsa.

Pali kudzijompha kumodzi komwe musakuchedwere. Anapiye a masabata atatu mpaka asanu ndi limodzi akayamba kutembenuka n'kumadzijompha okha potulukira chitosi, nthenga zitanyankhalala, akutsegula m'mimba zoyera zamadzimadzi, ganizani za matenda a gumboro. Kumeneko sipuleyi ilibe gawo. Itanani alangizi a ziweto a m'dera lanu tsiku lomwelo, ndipo ulendo wina musadumphe katemera wa gumboro ndi wa chitopa.

Kuwala ndi kumene ambiri sitikuganizira. Babu loyera lowala kwambiri, loyaka usana ndi usiku, limachititsa anapiye kukhala maso nthawi zonse ndipo kadontho kalikonse ka magazi kamaonekera patali. Shopu yomweyi imagulitsa mababu ofiira otenthetsa, a mawati 250 aja. Ndinagula limodzi, ndipo limachita zomwe amanena: pansi pa kuwala kofiira magazi saoneka kusiyana ndi china chilichonse, ndipo anapiye amadekha. Limafuna soketi ya dothi lowotcha, ya pulasitiki imasungunuka, ndipo lipachikidwe ndi waya, pafupifupi masentimita 45 kuchokera pa utuchi. Vuto lake ndi mayunitsi, limadya kwambiri, komanso magetsi akazima usiku mumabwerera ku mbaula. Mbaula ili ndi ubwino wake, imapereka kutentha popanda kuwala ndipo anapiye amagona. Koma makala ayakire panja mpaka utsi utatha, ndipo khola likhale ndi polowera mpweya, chifukwa mpweya wa makala umapha mwakachetechete, anapiye ndi munthu yemwe. Amene mulibe babu lofiira, ingochepetsani kuwala pakatha masiku atatu oyamba, anapiye akadziwa pomwe pali chakudya ndi madzi, ndipo muziwapatsa maola a mdima usiku.

Nanga kabotolo ka GV ka ku famase, poti n'kotsika mtengo kwambiri? Pa kabala kakang'ono ka chala kapena ka nthenga imodzi, kamagwira chimodzimodzi, ndipo kupaka kwake n'kosavuta chifukwa ndi kamadzi kale. Sipuleyi imapambana pa bala lalikulu lotseguka, poti imauma msanga ndipo imagwira pakhungu. Koma zonse ziwiri zili ndi funso lomwe oweta nkhuku zodya tiyenera kulidziwa. Mu 2019 boma la Canada linachenjeza anthu kuti asiye kugwiritsa ntchito gentian violet, pa anthu ndi pa ziweto zomwe, chifukwa cha chiopsezo cha khansa, ndipo m'maiko angapo saloledwa pa nyama zodyedwa. Oxytetracycline nayenso ndi antibayotiki. Buloila amagulitsidwa ali ndi masabata asanu kapena asanu ndi limodzi, nthawi yochepa kwambiri. Choncho ine ndimapaka anapiye aang'ono okha, pabala pokha, kamodzi kapena kawiri. Nkhuku yotsala pang'ono kugulitsidwa sindiipaka. Ndimaipatula, ndimatsuka ndi madzi a mchere, ndipo ndikafuna mankhwala ndimagwiritsa ayodini wa zilonda. Ayodini ndi wofiirira, sabisa bala, ndiye nkhukuyo imakhala payokha mpaka itapola. Uku n'kumene malangizo aja a "poperani onse" amandikwiyitsira kwambiri.

Phula lakuda lija la Stockholm tar amaligulitsanso. Fungo ndi kuwawa kwake zimathamangitsadi ojompha, ndipo pa nkhuku zazikulu za mazira ndi labwino, koma pa kamwanapiye limamata ubweya ndi utuchi n'kukhala chibuma. Oilo wakuda wa galimoto, amene ena kumudzi amapaka, ayi ndithu. Ndi poizoni, ndipo amalowa pabala.

Ena anandiuzapo kuti ndingodula milomo ndi chowengera zikhadabo. Pa mabuloila palibe chifukwa, sakhala nthawi yaitali. Pa za mazira zambiri zokhala m'khola lotseka, kudula milomo kumachitika, koma ndi ntchito ya munthu wophunzira wokhala ndi chida chotentha chomwe chimatseka magazi. Mlomo uli ndi mitsempha, ndipo wodulidwa molakwa umasiya mwanapiye akulephera kudya, mwinanso kuchucha magazi omwe aja tikuwathawa.

Amene mukuyamba ndi anapiye 25 kapena 50, kabotolo ka GV, thonje ndi katoni yopatulira zikukwanirani, ndalama yotsalayo ipite ku sitata. Amene muli ndi mazana angapo, kapena muli ndi mbuzi ndi agalu pakhomo, gulani chitini, chifukwa chigwiranso pa zilonda za ziwetozo, zomwe ndi zimene anachipangira. Pogula yang'anani deti pansi pa chitini, chigwedezeni mumve kulemera kwake, ndipo muuzeni wogulitsa apopere kamodzi papepala muone ngati kabowo kali kotseguka. Pashopu ya ku Limbe ija mayi aja amavomera mosavuta. Mnyamata uja amayamba wang'ung'udza, koma amapopera.